Kodi mawu akuti "zakumwa" amaphatikizapo mowa?

NaTembo_Chilenje
Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa mtendere m'banja mwathu kuyambira Loweruka lapitali. Mwana wa achemwali anga akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yolemba kalata yoitanira abale a kumudzi ku Katete, popeza ambiri mwa iwo sawerenga Chingerezi. M'kalatamo ndinalemba kuti madyerero adzachitikira kuno ku Chilenje mu Lusaka, ndiponso kuti "zakudya ndi zakumwa zidzakhalapo zokwanira". Amalume athu aakulu atawerengeredwa kalatayo anaimba lamya ali okondwa, nanena kuti ayamika poona kuti ana a m'tauni sanaiwale mwambo, ndipo iwo adzatumiza chimera cha mawere pa basi kuti mowa wake udzakhale wofulidwa mwa kwathu. Vuto ndi lakuti banja la mwamuna ndi la mpingo umene sulola mowa, ndipo tinagwirizana nawo kale kuti paukwatipo sipadzaoneka chilichonse choledzeretsa. Nditawafotokozera zimenezi, amalume anakhumudwa kwambiri, nati ndinawanamiza, chifukwa munthu wamkulu akauzidwa kuti paukwati padzakhala zakumwa sayembekezera Fanta. Ine ndikalemba "zakumwa" ndinkaganiza za zoziziritsa kukhosi ndi madzi a m'mabotolo. Ndiye ndikufunsa amene mumachidziwa bwino chinenero chathu: kodi mawuwa kwenikweni amatanthauza chiyani, anachokera kuti, ndipo wolakwa ndine kapena amalume?

WakuVubwi
Mayi, amalume anu sanalakwe. Kwathu munthu akati "tiyeni tikaone zakumwa", palibe amene amaganiza za tiyi.

MlongoWaMatero
Ine ndikutsutsa zimenezo. Ku mpingo kwathu timalemba "zakumwa" pa ndandanda ya zopereka chaka ndi chaka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerapo ndi mowa.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndinaphunzitsa Chinyanja kwa zaka zambiri ku Chadiza ndi kuno ku Lusaka, choncho ndiloleni ndiyambire pa kapangidwe ka mawuwa, chifukwa yankho la funso la mayi NaTembo lagona pomwepo. "Zakumwa" si dzina la chinthu chimodzi monga m'mene alili mawu akuti thobwa kapena mkaka. Ndi mawu awiri olumikizidwa: "za" ndi mneni "kumwa". Mawu onse akanakhala "zinthu za kumwa", koma "zinthu" timangosiya chifukwa aliyense akudziwa. Chikakhala chimodzi timati "chakumwa", kutanthauza "chinthu cha kumwa". Ndi m'mene zilili ndi "chakudya" ndi "zakudya".

Pali chinthu china chimene ana a sukulu ankachita nacho chidwi ndikawaonetsa. Aneni ambiri akalumikizidwa motere, "cha" ndi "ku" amasungunukirana n'kukhala "cho": timati chophika, chozizira, chovala, osati chakuphika kapena chakuvala pa kalembedwe ka masiku ano. Koma aneni a tsinde lalifupi, la phatikizo limodzi lokha, amasunga "ku" wawo. N'chifukwa chake timati chakumwa, chakudya, wakuba, wakufa, chakupsa. Mukanena kuti "zakumwa zozizira" mwagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri pakamwa kamodzi. Aneni omwewa ndi amenenso amatenga "i" polamula: imwani, idyani.

Tsono potengera kapangidwe kake, mawuwa sasankha. Chilichonse cholowa pakhosi mwa kumwa ndi chakumwa: madzi, mkaka, tiyi, thobwa, mowa. Mayi NaTembo sanalembe bodza, ndipo amalume sanamve molakwa. Mawuwo ndi otambalala moti aliyense anaikamo chimene anazolowera kuona paukwati.

NaTembo_Chilenje
Zikomo aphunzitsi. Koma ngati ndi choncho, n'chifukwa chiyani amalume sanakayike n'komwe? Iwo anamva mowa basi, ngati kuti ndinalemba dzina lake.

Mwana_wa_Kagoro
Mayi, ndikuganiza kuti ndingayankheko zimenezi, chifukwa ndinakulira m'manja mwa agogo amene ankafulula. Kumudzi mawu akuti "zakumwa" sitinkawamva kawirikawiri. Chilichonse chinkatchulidwa ndi dzina lake. Mlendo akafika, agogo ankati "mtungireni madzi". Anthu akabwera ku dima kudzatithandiza kupalira, ankati "tulani thobwa pansi pa mtengo uja". Pa bona, pokumbukira malemu, akuluakulu ankati "mowa wapsa", ndipo woyamba ankathira pansi asanamwe aliyense. Sindikumbukira tsiku limene agogo anafunsa mlendo kuti "mumwa chakumwa chanji", chifukwa panalibe zoti asankhe. Chimene chili mu mtsuko ndi chomwecho.

Ndiye munthu wa msinkhu wa amalume anu akalandira kalata yonena za ukwati, n'kuonamo mawu aulemu osatchula dzina, amaona ngati mwana wachita manyazi kutchula mowa pamaso pa akulu, ndipo waukuta ndi mawu ofewa. Madzi sangalembedwe m'kalata chifukwa madzi salonjezedwa, amangoperekedwa. Thobwa mukanalitchula dzina chifukwa lilibe manyazi. Chotsala n'chiyani? Umu ndi m'mene iwo anawerengera kalata yanu, ndipo ine ndikuona kuti anawerenga mwanzeru ndithu potengera dziko limene anakuliramo.

WakuVubwi
Mwana_wa_Kagoro wanena zimene ine ndinalephera kuzifotokoza bwino. Mowa ndiwo umabisidwa m'mawu, pomwe zina zonse zimatchulidwa poyera.

AchimweneAkuMchinji
Ndine wa ku Malawi, ndakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito ya zomangamanga. Kwathu mawuwa saima okha pa nkhani ngati imeneyi. Pa wailesi, m'manyuzipepala ndi m'makalata a ukwati timati "zakumwa zoziziritsa kukhosi" tikamanena za Fanta, Coca-Cola ndi Sobo, ndipo timati "zakumwa zoledzeretsa" kapena "zakumwa zaukali" tikamanena za mowa. Mukanalemba "zoziziritsa kukhosi", amalume sakanatumiza chimera. Ndinadabwa nditafika ku Lusaka kuona kuti mawu amenewa achinyamata ambiri sawadziwa, ndipo tsiku lina pa kantemba ku Kalingalinga mtsikana wogulitsa anandipatsa maswiti a chifuwa nditapempha choziziritsa kukhosi.

WamalondaKamwala
Achimwene, mtsikanayo musamuweruze. Ine ndimagulitsa katundu wa m'makatoni ku Kamwala, ndipo tsiku lonse ndimalankhula ndi anthu a mitundu yonse. Mawu akuti "zakumwa" ndikhoza kutha mlungu wathunthu osawamva. Anthu amati "madirinki", kapena "masofuti" akafuna kutsimikiza kuti si mowa. Amene amayesa kulankhula Chinyanja amati "vakumwa", monga amanenera "vakudya" ndi "vovala". Choncho mayi NaTembo analemba mawu a m'buku kwa anthu a kumudzi, ali ndi tanthauzo la m'tauni m'mutu mwawo. Pamene iwo ankalemba "zakumwa", mumtima ankanena "madirinki", ndipo madirinki a paukwati wa mpingo kuno ku Lusaka aliyense amawadziwa.

NaTembo_Chilenje
Bambo a ku Kamwala, mwandigwira pamene pali penipeni. Ndinkamasulira mawu a m'tauni kuti amveke aulemu kwa akuluakulu, osadziwa kuti ndikusintha tanthauzo.

Nyakwawa_Mandevu
Ine "vakumwa" ameneyu amandipweteka m'makutu. Ana athu akuononga chinenero, ndipo ife makolo tikungoyang'ana.

Mphunzitsi_Wopuma
A Nyakwawa, pamenepo ndikupemphani kuti tisafulumire. "Va" ameneyu sanapangidwe ndi ana a m'misewu ya Lusaka. Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba amati "vinthu", Atumbuka a ku Lundazi amatinso "vinthu" ndi "vyakurya", ndipo Chinyanja cha mumzinda uno chinatengera zambiri kwa anthu amenewa, amene anabwera kudzagwira ntchito pamodzi ndi Achewa ndi Angoni kuyambira pamene Lusaka anakhala likulu mu 1935. Mwana wonena "vakumwa" akulankhula monga ankalankhulira agogo a mnzake wa nyumba yoyandikana nayo. M'kalasi ndinkawauza kuti polemba mayeso alembe "zakumwa", koma sindinawauzepo kuti mawu a kunyumba kwawo ndi onyansa.

Pa funso la kumene mawuwa anachokera, mneni "kumwa" ndi wakale kwambiri, ndipo abale ake amapezeka m'zinenero zambiri za Chibantu. Abemba amati ukunwa, Ashona amati kunwa, Aswahili amati kunywa, Atumbuka amati kumwa monga ife. Aswahili anapanganso dzina kuchokera ku mneni womwewo, kinywaji, zambiri vinywaji. Sitinabwereke kwa Azungu kapena kwa Aluya. Makolo athu anabwera nawo mawuwa.

Kamnyamata_ka_UNZA
Aphunzitsi, ndakhala ndikudzifunsa ngati "kumwera", mbali ya dziko, kukugwirizana ndi kumwa. Mwina makolo ankapita mbali imeneyo kukamwa madzi ku Zambezi?

Mphunzitsi_Wopuma
Ayi mwanawe, amenewo ndi mawu awiri ongofanana kalembedwe. "Kumwera" kwa chikho kumachokera ku kumwa, monga tinenera kuti "kapu yomwera tiyi". "Kumwera" kwa mbali ya dziko ndi "ku" woonetsa malo pamodzi ndi "mwera", mphepo yamphamvu ija imene imaomba m'nyengo yozizira, imene asodzi a pa nyanja ya Malawi amaiopa. Mbali inayo timati kumpoto, ndipo mpoto nayonso ndi mphepo.

MayiWaChawama
Ndikufuna kubwezera nkhaniyi ku thobwa, chifukwa ndikuona kuti njira yothetsera vuto la mayi NaTembo ili pomwepo, ndiponso chifukwa thobwa limasokoneza magulu awiri amene achimwene a ku Mchinji atchula. Kodi thobwa ndi choziziritsa kukhosi? Munthu amene anamwapo chipanda chodzaza ali kumunda amadziwa kuti limagwira m'mimba ngati nsima, moti ukhoza kulima mpaka dzuwa kupendeka osamva njala. Kodi ndi choledzeretsa? Ayi, bola limwedwe pa nthawi yake.

Ine ndimaphika thobwa la maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Chawama. Ndimaphika phala la mgaiwa mu mgolo, ndimaliphula n'kulisiya kuti lizizire kufikira poti chala chikhoza kukhalamo osapsa, kenako ndimathiramo ufa wa chimera n'kutakasa. Pakapita kanthawi phala lija, limene linali lolimba moti mthiko unkaima, limasungunuka lokha n'kuyamba kutsekemera popanda shuga. Limagona usiku umodzi, m'mawa ndimaliwiritsanso, likazizira lakonzeka. Mukathira chimera phala likadali lotentha kwambiri, mwachipha, ndipo silisungunuka. Mukalisiya masiku angapo osaliwiritsa, limayamba kuchita thovu ndi kusasa, ndipo pamenepo lalowa njira ya mowa. Chimera chimene amalume akufuna kutumiza ndi chomwecho chimene chimapanga zonse ziwiri. Kusiyana kwake ndi masiku ndi manja a wophika.

MlongoWaMatero
N'chifukwa chake ena a ku mpingo kwathu amalikayikira thobwa. Amati malire ake saoneka ndi maso.

MayiWaChawama
Malire ake amamveka ndi lilime ndi mphuno, mayi, ndipo mwana wa zaka khumi wa kumudzi amawadziwa. Ndaphikira mipingo yambiri yoletsa mowa, ndipo sindinabwezedwepo ndi mgolo wanga.

Mwana_wa_Kagoro
Ndikuvomerezana ndi mayi a ku Chawama. Ku Kulamba, ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, mukayenda m'misasa mumapeza thobwa likumwedwa ndi amayi, ana ndi akulu a mipingo, ndipo palibe amene amabisa chikho chake. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti kuno ku Lusaka thobwa likugonja kwa munkoyo ndi maheu, moti ana anga amatcha chilichonse cha chimanga kuti maheu.

NaZulu_Kabwata
Popeza mwatchula zimenezi, ndifunse: kodi thobwa, munkoyo, chibwantu ndi maheu si chinthu chimodzi chimene mitundu inangochipatsa mayina osiyana? Ine ndinabadwira ku Kabwata ndipo ndimangoona ngati n'zofanana.

Kamnyamata_ka_UNZA
Pamenepa ndikhoza kuthandizako, mayi. Zonsezi zimayambira pa phala la chimanga, koma chosungunula phalalo n'chosiyana. Thobwa limadalira chimera, ndiye kuti mbewu zomeretsedwa, zoyanikidwa n'kusinjidwa. Munkoyo umadalira mizu ya chitsamba cha m'tchire chotchedwanso munkoyo, cha mtundu umene akatswiri a zomera amautcha Rhynchosia. Mizuyo amaisasantha mpaka ikhale ngati luzi, n'kuiviika m'phala lofunda, ndipo imagwira ntchito yomwe chimera chimagwira. Mukapita ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka mudzaiona itamangidwa m'timitolo. Munkoyo ndi wotchuka kwambiri ku Copperbelt, ku Central ndi ku North-Western. Chibwantu ndi cha Atonga a kum'mwera, ndipo chimakhala ndi misere ya chimanga yoti munthu amatafuna. Ofufuza a pa University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Wageningen ku Netherlands akhala akuphunzira za munkoyo, chibwantu ndi mabisi, mkaka wosasa uja umene ife timati chambiko. Dzina la maheu linachokera kum'mwera kwa Africa: Azulu amati amahewu, ndipo ku South Africa amagulitsa m'masitolo pa dzina la mageu.

NaZulu_Kabwata
Zikomo kwambiri. Sindinkadziwa kuti timitolo tija ta ku Soweto ndi ta ntchito imeneyi. Ndinkayesa mankhwala azitsamba.

AchimweneAkuMchinji
Nkhani ya maheu yandikumbutsa kuti mayina ambiri a zakumwa zathu ndi obwera, ngakhale mneni kumwa ndi wathu monga anenera aphunzitsi. Vinyo ndi mawu a Chipwitikizi, vinho. Kachasu nayenso amachokera ku cachaça, dzina la Chipwitikizi la mowa wotchezedwa. Apwitikizi anakhala zaka mazana ambiri m'mbali mwa Zambezi, ku Tete ndi ku Zumbo, kutsidya kwa tauni ya Luangwa imene kale inkatchedwa Feira, ndipo ankachita malonda ndi Amaravi. Kwa iwo tinatengako nsapato ndi kalata, ndipo luso lotcheza linadzera njira yomweyo. Tiyi ndi khofi tinatengera ku Chingerezi. Ngakhale mawu akuti chidakwa ndi ofanana ndi isidakwa wa Chizulu. Amene ali athuathu ndi madzi, mkaka, thobwa, mowa, masese ndi uchema wa ku Chigwa cha Shire.

Kwathu dzina la kampani likhozanso kusanduka dzina la chakumwa. Sobo ndi chidule cha Southern Bottlers, koma mayi wa kumudzi akati "gula sobo" akunena chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi, kaya chapangidwa ndi ndani.

WamalondaKamwala
Kunonso n'chimodzimodzi ndi Mazoe, amene anachokera ku Zimbabwe. Makasitomala achikulire amati "Mazoe" pa botolo lililonse la malalanje losungunula. Ndipo amene tinalipo m'zaka za m'ma 1980, pamene ndalama zakunja zinasowa m'nthawi ya a Kaunda ndipo Coca-Cola anasowa m'masitolo, timakumbukira Tarino ndi Tip Top. Amayi anga mpaka pamene anamwalira ankatcha chakumwa chilichonse cha m'botolo kuti Tarino.

WakuVubwi
Nanga Chibuku? Ndinamva kuti dzinali likuchokera ku buku.

Mphunzitsi_Wopuma
Mbiri imene imafotokozedwa ndi yakuti Max Heinrich, amene anayambitsa kufulula mowa wamasese umenewu m'fakitale, ankalemba m'buku zonse zokhudza kafulidwe kake ndi ndemanga za omwa, ndipo dzina linachokera pamenepo. "Chi" ameneyu ndi yemwe timaika pa chinthu chachikulu, monga chinyumba kapena chimunthu. Koma tisapite kutali ndi mayina a makampani, chifukwa funso la mayi NaTembo likadali pakati.

Nyakwawa_Mandevu
Ine ndili ndi mawu pa funso lomwelo, ndipo ndilankhula monga munthu amene anaika mwana wa mlongo wake m'manda. Kufewetsa mowa ndi mawu akuti "zakumwa" kapena "kadirinki" si nkhani ya ulemu wokha. Pamene tujilijili, timapaketi tija ta mowa waukali, tinadzaza m'misika ndi m'masiteshoni a basi, anyamata sankanena kuti akumwa kachasu. Ankati "kakumwa", "kotenthetsa thupi", ndipo kapepala kake kankalowa m'thumba la yunifomu ya sukulu. Mphwanga ankayendetsa wilibala ku City Market, ndipo ankayamba m'mawa asanadye kanthu. Boma linaletsa tujilijili mu Epulo 2012, Professor Nkandu Luo ali nduna ya maboma aang'ono, koma kwa iye kunali kutachedwa, chiwindi chinali chitatha kale. Agogo athu ankati mowa ndi mowa, ankaumwa poyera, pa bwalo, akulu okhaokha, atatha ntchito, ndipo mwana akayandikira chipanda ankathamangitsidwa. Chinthu chikataya dzina lake chimalowa paliponse. N'chifukwa chake ine ndimafuna kuti pa kalata, pa chikwangwani ndi pakamwa, mowa uzitchedwa mowa.

MlongoWaMatero
Pepani kwambiri a Nyakwawa chifukwa cha mphwanuyo. Pa mfundo imeneyi ine ndi inu tagwirizana, ngakhale tikuchokera mbali zosiyana.

Mwana_wa_Kagoro
Pepani bambo. Komabe ndisiyanitseko pang'ono, kuti amalume a mayi NaTembo asaoneke ngati akupempha chinthu choipa. Mowa umene iwo akunena ndi wamasese, wofulidwa masiku angapo, wokunthidwa ndi khuntho, womwera m'chipanda chimodzi chimene chimazungulira bwalo. Kwa iwo ukwati wopanda mtsuko wa akuluakulu uli ngati mlandu wogamulidwa popanda mboni. Chimene chawapweteka si ludzu. Iwo anamva kuti apatsidwa gawo pa ukwati wa mdzukulu wawo, anayamba kale kuviika mawere, kenako anauzidwa kuti gawolo palibe. Mayi NaTembo, mukamawayankha muyankhe chimenecho.

NaZulu_Kabwata
Ndili ndi funso lina laling'ono kwa aphunzitsi. Timati kumwa phala ndiponso kumwa mankhwala, ngakhale akhale mapiritsi ouma. Kodi ndiye kuti phala ndi mapiritsi ndi zakumwa?

Mphunzitsi_Wopuma
Funso limeneli ndi labwino, ndipo likundikakamiza kukonza zimene ndinanena poyamba paja, pamene ndinati chilichonse chomwedwa ndi chakumwa. Mneni ndi wotambalala kuposa dzina lochokera kwa iye. Timamwa phala, timamwa mapiritsi, makolo ankamwa mwavi pa milandu ya ufiti, ndipo munthu zikamuyendera bwino timati akumwa wamkaka. Koma mukatuma mwana kuti akagule zakumwa, sangabwere ndi phala kapena mapiritsi. Ngakhale madzi enieniwo ali m'malire: timati "madzi akumwa" powasiyanitsa ndi osamba kapena ochapira, koma mlendo mukamulonjeza zakumwa n'kumupatsa madzi a pampopi, adzaona kuti mwamuchepetsa. Ndiye kuti pa kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku, dzinali lafupika n'kumatanthauza chinthu chokonzedwa kapena chogulidwa, choperekedwa kwa anthu pa chochitika. Ndipo mawu a Mwana_wa_Kagoro andithandiza kuona chifukwa chake: dzina lophatikiza zinthu zambiri limafunika pamene pali zambiri zoti munthu asankhe, monga m'sitolo, m'ndandanda ya komiti ya ukwati, kapena pa chikwangwani cha lesitilanti.

Kwa amene mukulembera abale a kuno ku Zambia, kumbukiraninso kuti kalembedwe ka m'sukulu zathu, kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, kamalemba "cakumwa" popanda "h", pamene ku Malawi amalemba "chakumwa". Pa "zakumwa" palibe kusiyana.

WamalondaKamwala
Za madzi zija zasintha pang'ono, aphunzitsi. Chiyambire kolera ya 2017 ndi 2018, ndiponso ija ya 2024 pamene odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, makomiti a maukwati amaika madzi a m'mabotolo pamwamba pa ndandanda ya zakumwa, ndipo ndimagulitsa makatoni a madzi ochuluka kuposa kale. Madzi akalowa m'botolo lotsekedwa amawerengedwa pamodzi ndi zinazo.

MayiWaChawama
N'zoona, ndipo ifenso ophika thobwa tinaphunzirapo. Madzi otsukira mgolo ndi makapu ndimathira klorini, ndipo sindilola kuti anthu azimiza makapu awo mumgolo. Pamakhala munthu mmodzi wotunga ndi chikho chachitali.

NaTembo_Chilenje
Akuluakulu, ndawerenga zonse kawiri, ndipo dzulo madzulo ndinakhala pansi ndi achemwali anga pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. A kuchimuna anati thobwa alibe nalo vuto, ndipo apongozi aakazi ananena kuti iwonso anakulira thobwa ku Chadiza ndipo akhala akulilakalaka. Ndiye ndinawaimbira amalume. Sindinayambe ndi kudziteteza. Ndinawapepesa kuti ndinalemba mawu osamveka bwino, kenako ndinawapempha kuti chimera chija atumizebe, chifukwa tikufuna kuti thobwa la paukwati wa mdzukulu wawo likhale la mawere a m'munda mwawo, ndiponso kuti iwo ndi amene adzayambe kulawa pamaso pa anthu. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti adzaphike ndani, chifukwa safuna kuti chimera chawo chionongeke m'manja mwa ana a m'tauni. Za mtsuko wa akuluakulu anati tidzakambirana mwambo ukadzapita kumudzi, pamene akwati adzapite kukaonekera.

Kalata yachiwiri ndalemba motere: "Padzakhala nsima, mpunga, nkhuku ndi nyama ya mbuzi. Padzakhalanso thobwa, zoziziritsa kukhosi ndi madzi. Mowa sudzakhalapo." Mayi a ku Chawama, chimera chifika Lachiwiri pa basi ya ku Chipata, ndipo ndikachilandira ku siteshoni ya basi ya Intercity. Ukwati ndi Loweruka pa mlungu womwewo, anthu tikuyembekezera pafupifupi 150. Kodi tiyambe liti kuphika kuti lisasase?

MayiWaChawama
Chimeracho mukachilandira muchiyanike tsiku limodzi kuti chiume bwino, popeza m'thumba chimatenga chinyezi, ndipo Lachitatu mukachigayitse. Phala muphike Lachinayi madzulo, muthire chimera likafunda, ligone. Lachisanu m'mawa muliwiritsenso mpaka libwadamuke, kenako mulivundikire pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa, ndipo musathire shuga kufikira Loweruka m'mawa mutalilawa, chifukwa chimera cha mawere chikakhala chabwino mwina simudzamufuna n'komwe. Kwa anthu 150 konzani migolo iwiri, popeza a kumudzi sadzamwa kapu imodzi yokha. Mundilembere kumbali kuti tipangane, ndidzabwera Lachinayi ndi mthiko wanga waukulu.